Mzere wa tiyi umene unakhota

Ana inu, Layisoni atabwera kuchokera ku Limbe mwezi wathawu anandifunsa funso pamaso pa nonsenu, ine ndikusenda chinangwa pakhonde. Anafuna kudziwa ngati makampani a azungu awa anatithandiza kapena anangotiyamwa. Yankho anali nalo kale m'thumba la jekete yake ija, imene savula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ine ndinangoseka, chifukwa pakamwa panga pamachedwa masiku ano, mawu amafika mlendo atatsazika kale. Ndiye ndati ndilembe. Zilembo zanga zili ngati mapazi a nkhuku pamatope, koma musaseke, ndinaziphunzira ndili kale ndi ndevu. Esinati, iwe wamaso akuthwa, uwawerengere anzako.

Ine sindinabadwire kuno. Kwathu ndi kuseri kwa phiri, m'dziko la Apwitikizi. Inu mukamva mawu akuti mbalamatodya mumayesa dzina la mbalame. Linali thabwa lobowolabowola limene asipayi, apolisi a Apwitikizi, ankamenyera anthu m'manja. Amalume anga atalilawa, manja anatupa mwakuti amayi ankawadyetsa ngati khanda. Abambo anatengedwa kukanyamula katundu, osabweranso. Pamenepo amayi anati tichoke. Tinali atatu: amayi, achemwali anga aakulu a Ekari, ndi ine, kamnyamata kongotuluka kumene kuchinamwali.

Amayi anasenza mphika ndi mbewu ya kalongonda. A Ekari anasenza mtolo wa mitengo ya chinangwa yokabzala. Ine anandisenzetsa chitseko. Mukudabwa, koma ndi mmene tinkachitira kwathu. Munthu akasamuka, nyumba ankaisiyira chiswe, pakuti mitengo ndi dothi zili paliponse, koma chitseko cha nsungwi chinkapita ndi mwini wake. Ukafika pamudzi n'kuona nyumba ili kukamwa yasa, chitseko chili panja chomangidwa ndi luzi, sunkafunsa. Unkadziwa kuti anthu awa atsazika. Chitseko chimenecho ndinawoloka nacho mtsinje wa Muloza chili pamutu, madzi akufika m'chifuwa, ndipo mvula itatipeza m'njira tonse atatu tinabisala pansi pake.

Titafika mbali ino tinapeza kuti dziko la m'tsinde mwa phiri lili kale ndi eni ake, kampani ya kutsidya kwa nyanja yamchere. Eni akewo sindinawaonepo mpaka lero. Amene tinkamuona ndi mzungu mmodzi woyang'anira, wamtali, wotuwa nsidze, amene tinamutcha Chinsapato chifukwa cha zimene ankavala kumapazi. Pansi pake panali kapitawo, Che Bwanali, Mchawa wa cha ku Chinakanaka, Msilamu wa kapewa koyera amene sankakweza mawu. Iwowa ndi amene anatilozera pomanga ndi polima. Anatiuza kuti malowo si aulere: mwamuna aliyense azigwirira kampani mwezi wa malo, ndi mwezi wina wa msonkho, kampaniyo n'kukamulipirira kuboma. Ndiyo thangata ija mumaimva.

Layisoni, pano ndikuyankhe mbali yoyamba. Chaka chimenecho n'choyamba chimene amayi anga anasiya kutchera khutu kumapazi a anthu odutsa m'njira. Ananenepa. Anayamba kuimba posinja. Zimenezi sindingaziiwale, ngakhale undiwerengere mabuku onse a ku Limbe. Anthu amene tinawapeza kuno ankatitcha Anguru, ankati timadya nkhono. Sankanama. Nkhono zake zinali zokoma, ndipo ena mwa otisekawo njala itavuta anabwera kudzafunsa kaphikidwe kake, pamodzi ndi ka kalongonda, amene ukamuphika mothamanga amazunguza mutu. Inu a masiku ano mumafuna ndiwo zopsa musanamalize kusamba m'manja. Kalongonda akanakuphunzitsani kudikira.

Poyamba kampani inkalima khofi. Ndinamupeza akutha, mitengo ikuuma yokha, tizilombo titaiboola m'kati. Azungu ena analongedza n'kupita, anthu awo n'kutsala osadziwa kuti malo ndi a yani tsopano. Athuwa anati ayese tiyi. Masiku amenewo kunalibe fakitale yolira ngati ya lero. Masamba tinkawafotetsa pamphasa, kuwapotokola ndi manja mpaka zikhatho kuda, kenako kuwaumitsa pamakala. Njanji isanafike, mabokosi tinkasenza pamutu mpaka ku Chiromo, kumene kunali sitima za pamadzi. Ulendo wake unali wa kutentha ndi udzudzu, koma kumeneko n'kumene ndinaona koyamba chitsulo chikuyandama, ndipo ndinabwera ndi nkhani yokamba mwezi wathunthu. Malipiro anali nsalu ya melekano ndi mchere. Nsalu yoyamba ndinapatsa amayi. Anaifunda, n'kuyenda nayo mudzi wonse ngati akufuna nkhuku yotayika, pamene nkhuku tinalibe.

Koma usaganize kuti ndaiwala zinazo. Mwezi wa kampani unali wautali kuposa mwezi wa kumwamba. Ukalephera kumaliza ndime imene akupimira, tsikulo silinkawerengedwa. Ndipo ntchito yaikulu inkabwera nthawi ya dzinja, pamene minda yathu nayo ikulira khasu. Amuna tili kwa mzungu, akazi ankalimbana okha ndi udzu. Chinatipulumutsa ndi chinangwa chija anasenza a Ekari, chifukwa chinangwa sichikwiya ukachedwa kuchipalira. Walira mvula walira matope, ndipo ife matope tinawaponda.

Patapita zaka zingapo amayi anadwala chifuwa nthawi ya chiperoni, n'kumwalira. Iwo ndiwo anali oyamba kufa mwa ife obwera. Tinasowa kowaika, pakuti manda a eni dziko sanali athu. Che Bwanali anatitengera ku kansitu kena pafupi ndi kamtsinje, pamene panali mbawa yaikulu ndi mikuyu, n'kunena kuti pamenepo palibe amene amalimapo. Tinawaika pamenepo. A Ekari anatenga mphika uja tinabwera nawo, anauboola pansi monga mwa mwambo, n'kuuvundikira kumutu kwa manda. Pobwerera anandiuza kuti munthu amakhala mlendo mpaka tsiku limene wakumba manda, ndipo kuyambira tsikulo ife sitinalinso alendo. M'zaka zotsatira anthu ena a m'mudzi mwathu anakagona pomwepo, akulu ndi makanda, ndipo m'kansituko munthu sankathyolamo ngakhale kamtengo kotsukira mano.

Nthawi imeneyo ndinali nditakwatira agogo anu aakazi. Ena mwa inu munawapeza atakalamba, akungokupatsani nthochi mobisa, ndiye mumayesa anali munthu wofatsa. Dikirani mumve. Monga mkamwini ndinawamangira nyumba pafupi ndi amayi awo, ndipo chitseko ndinaluka ndekha. Chinatuluka chopendekeka, chotseka mbali imodzi. Moyo wawo wonse ankanena kuti anakwatiwa ndi munthu wowongola minda ya azungu koma wolephera kuwongola khomo lake.

Kuwongola minda ndiyo inalidi ntchito yanga. Tiyi sabzalidwa mwachisawawa ngati maungu. Pamakhala chingwe chachitali chokhala ndi mfundo za tinsalu, anthu awiri amachikoka mpaka chilire, ndipo pa mfundo iliyonse mumakhoma chikhomo cha nsungwi. Pa chikhomo chilichonse pamadzakumbidwa dzenje la mbande. Chinsapato ankaima kumapeto, n'kutsinzina diso limodzi, ndipo chikhomo chikapatuka ngakhale pang'ono ankachikankha ndi nsapato ija. Zanga sankazikankha. Ndinali ndi diso, ndipo ndinkanyada nalo. Che Bwanali anali atayamba kudandaula mawondo, ndipo anali atandinong'oneza kuti akadzapuma adzanditchula ine. Ukapitawo, ana inu, unali jekete ya nthawi imeneyo.

Chaka china eni kampani analamula kuchokera kwawo kuti atsegule munda watsopano waukulu. Chilimwe chonse anthu anagwetsa mitengo ndi kuzula zitsa. Ku nazale mbande zinali zitadzaza pansi pa mithunzi ya udzu, zitafika msinkhu wowokera, zikungodikira mvula. Ife achingwe tinkatsogola. Tsiku lina ndikukoka chingwe chobwerera m'mbuyo, ndinamva kuzizira kumsana. Ndinali nditalowa mumthunzi wa mbawa ija.

Che Bwanali anapita kwa Chinsapato n'kumuuza mwaulemu kuti m'menemo mwagona anthu. Mzunguyo sanakalipe. Sanali munthu wankhanza ngati ena amene tinkawamva mbali ya uko. Anangoti eni ake akufuna munda wathunthu wopanda chilema, kampani idzapereka malo ena a manda kumtunda ndi nsalu yopepesera, ndipo mitengoyo ithandiza kuumitsira tiyi. Atatero anandikodola ndi dzanja kuti ndipitirize. Ndinapitiriza. Mfundo imodzi inagwera pambali penipeni pa mphika wa amayi. Ndinadziuza kuti ndikakana ine akhoma wina, ndipo ndinakhoma. Izi nonse mumazidziwa, chifukwa m'mudzi muno mulibe amene sanazimve. Ndikungofuna muzimve kamodzi kuchokera kwa mwini wake.

Kunyumba sindinanene kanthu. Mawa lake masana, ndikupuma pakhonde, ndinaona a Ekari akubwera. Anagwada patali pang'ono monga ankachitira nthawi zonse, anandipatsa moni, anafunsa za ana. Kenako anatulutsa chikhomo chija m'nsalu, dothi lidakali kunsonga, n'kuchiika pamphasa patsogolo panga.

Anati, "Achimwene, mwaiwala ichi kwa amayi."

Anadzuka n'kumapita. Akanandilalatira bwenzi ndili ndi poyankhira.

Masiku otsatira ndinaona akazi akuyenderana kwambiri, uyu kukapempha moto, uyu kukabwereka sefa, ngakhale nyumba zimene zinali ndi moto ndi sefa zawo. Ine ndikayandikira, nkhani inkasanduka ya nandolo. Ndinamvanso kuti munda wina wa azungu, cha kumbali ya Thyolo, unkatumiza anthu mwakachetechete kudzanena kuti kumeneko akufuna manja ndipo malo alipo. Minda yonse nthawi imeneyo inkalimbirana anthu. Dziko anali nalo lambiri, koma dziko silidzilima lokha.

Ndiye mvula yoyamba inagwa, yeniyeni, yonunkhiritsa dothi. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake: m'mawa mwake ndi tsiku lowokera. Mbande ya tiyi ukaiphonyetsa mvula yoyambirira, mizu siigwira bwino chilimwe chisanabwere, ndipo ntchito ya ku nazale ya zaka imapita pachabe. Chitsulo choitanira anthu chitalira m'mamawa, ndinatenga chingwe changa n'kuthamangira kuntchito. Ndinafika ndekha. Panali Chinsapato, Che Bwanali, ine, ndi akhwangwala.

Tinadikira mpaka dzuwa litakwera. Kenako mzungu anati tipite kumudzi tikaone. Titalowa m'mudzi tinapeza anthu onse alipo, ali phee, wina akusoka dengu, wina akuyamwitsa. Panalibe wonyamula mkondo kapena chibonga. Koma nyumba iliyonse inali kukamwa yasa. Zitseko zonse zinali panja, zotsamira makoma, zomangidwa ndi luzi.

Chinsapato anaseka pang'ono, n'kufunsa Che Bwanali ngati anthuwa asankha tsiku lowokera tiyi kuti aphe nsikidzi. Che Bwanali anamufotokozera mwambo wathu pang'onopang'ono. Ine ndinkaona nkhope ya mzunguyo ikusintha pamene tinkadutsa nyumba ndi nyumba. Mumtima ndinkati bola akafika kwanga aone kuti pali mmodzi wokhulupirika. Titakhota pa nkhokwe, ndinaona chitseko changa chopendekeka chija chili pansi pabwalo, agogo anu atachikhalira, akusola nandolo.

Ndinawafunsa motsitsa mawu kuti, "Amake mwana, ichi n'chiyani pamaso pa bwana?"

Sanakweze n'komwe mutu. Anati, "Inu tsalani ndi chingwe chanu, chizikuphikirani. Chitseko chikupita."

Anthu amene anali pafupi anabisa nkhope m'nsalu. Ngakhale Che Bwanali anatsokomola chifuwa chimene analibe.

Mzungu anafunsa kuti mtsogoleri wa zimenezi ndani, akuyang'ana amuna. Amuna anayang'ana pansi. Amene anadzuka ndi a Ekari. Anayankhula m'Chilomwe, ine n'kumasulira Che Bwanali pamene mawu awavuta, iwo n'kupereka kwa mzungu. Tangoganizani, mawu ondiweruza ine ndemwe ankadutsa pakamwa panga. Ananena kuti anthu sakukana tiyi, ndiponso sakuiwala amene anawalandira pamene ankathawa. Anati malo ena a manda ndi abwino kwa amene sanafe, koma amene anagona kale sasamuka, ndipo nsalu yopepesera amayi awo sangaifunde. Anamaliza ndi mawu amene ndimawamvabe.

"Mitengo ija ikaima, ife tikhala, ndipo mbande zanu zilowa m'dothi lero lomwe. Ikagwa, mudzawoke ndi achimwene angawa awiriwiri."

Chinsapato anayang'ana kuphiri, kumene mitambo inali itayamba kale kusonkhana, n'kuyang'ananso mbali ya ku nazale. Sindinganame kuti anagwidwa chisoni ndi amayi anga, amene sankawadziwa n'komwe. Ndikuganiza kuti ankaona mbande zake zikufota, ndi zimene akanayankha kwa eni ake a kutsidya. Pamapeto pake anatembenukira kwa ine, n'kulankhula m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti nditenge chingwe ndikazule zikhomo za m'nsitu, mzere uzungulire kunja kwa mitengo.

Ndinamuuza kuti chingwe sichidziwa kukhota. Iye anati ndichiphunzitse.

Masana omwewo zitseko zinabwerera m'makomo, ndipo mudzi wonse unatsikira kumunda. Tinawoka mvula ikutikhuthukira pamsana, akazi akusenza mbande m'malichero, amuna akukumba. Ine ndinali patsogolo kuzungulira kansitu kaja, kukhoma chikhomo, kusuntha chingwe pang'ono, kukhomanso. Akazi anapeka nyimbo pomwepo ya mkamwini amene nyumba yake inasamuka iye ali kuntchito. Inaimbidwa zaka zambiri, paukwati ndi pamowa. Esinati, ndikudziwa kuti amayi ako anakuphunzitsa. Usaiimbe powerenga pano.

Tsopano imvani mmene dziko limayendera mokhota. Che Bwanali atapuma, ukapitawo anapatsa ine. Mzungu anakumbukira kuti tsiku lija chitsulo chitalira ndinabwera ndekha. Amene anapulumutsa manda sanalandire kanthu, amene anakhoma chikhomo analandira chipewa. Chifukwa cha ukapitawowo anandilola kumapita masana ku sukulu ya mishoni, kumene ndinkakhala pa benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga, mawondo akufika kuchibwano. Nkhondo ya Jeremani itabwera, anzanga ambiri anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ena osabwerako, ine anandisiya chifukwa munda unkandifuna. Ndi sukulu imeneyo ndinaona kuti ana anga nawonso aphunzire. Layisoni, jekete yakoyo ukaifufuza bwino ulusi wake, ukafika pa chikhomo chija. N'chifukwa chake ndimati ndikaiyang'ana ndimasangalala, komanso manyazi amandigwira.

A Ekari sanaitchulenso nkhaniyi mpaka kufa kwawo. Ana anga akadwala ndiwo ankafika oyamba. Koma chikhomo chija sanachitaye. Anachisandutsa mpiringidzo wa chitseko chawo, ndipo nthawi iliyonse ndikapita kukawaona, ankachisolola pamaso panga kuti anditsegulire, n'kundilandira ndi nkhope yosekerera. Chinachita kusalala ndi manja awo. Ine ndinkalowa, kudya, kuseka nawo, diso lili pa kansungwi kaja.

Ndiye kampani inatithandiza kapena inatiyamwa? Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sananene kuti kalumoko kamameta kokha. Ine ndikuthokoza kuti tinapeza pothawira, kuti amayi anafa ali ndi nsalu pathupi ndipo manja awo sanalawe thabwa lija. Ndikuthokoza msewu umene mumakwerapo basi kupita ku Nkando, pamene ife tinkaponda minga, ndi zilembo zokhotakhota izi. Koma tiyi amene tinawoka tsiku lija anapita kukakometsa m'kamwa mwa anthu amene sanaonepo phiri ili, ndipo ine ndinadzamulawa ndi shuga imvi zitamera kale. Misana ya anzanga inathera m'mizere imene si ya ana awo. Zonsezi n'zoona pamodzi, mdzukulu wanga, ndipo sindikudziwa sikelo yoyezera. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti kampani sinadze kudzatikonda, ndiponso sinadze kudzatida. Inadza kudzafuna tiyi. Zabwino zina zinagwa zokha m'njira ngati chimanga chotayika pa ngolo. Koma chimene chinali chathu chenicheni tinachisunga chifukwa m'mawa umodzi anthu anakumbukira kuti tiyi sadziwoka yekha. Ndikuti anthu, sindikuti ife, pakuti ine ndinali mbali inayo. Amene ndimawathokoza koposa onse ndi akazi awiri aja, wina mlongo wanga, wina wokhalira chitseko changa.

Esinati amathyola tiyi m'munda womwewo, ndipo akhoza kukuuzani. Mizere yonse ndi yowongoka ngati muvi kuchokera kumsewu mpaka kumtsinje, kupatula pamene pali chilumba cha mitengo pakati pa tiyi. Pamenepo mizere imapinda. Akuti anyamata atsopano amadandaula kuti anayeza pamenepo anali ataledzera. Muziwauza kuti anayeza ndi agogo anu, ali bwinobwino, ndipo pa mizere yonse imene anakoka moyo wawo wonse, umenewo ndi wokhawo umene sachita nawo manyazi.

Tsiku langa likafika mudzandipititse komweko, kwa amayi ndi a Ekari. Njira yake ndi yopapatiza, mudzadutsa m'tiyi mmodzimmodzi motsata mzere wokhotawo. Layisoni adzanyamule kutsogolo, ndipo jekete adzavule, chifukwa tiyi wonyowa amathimbiriritsa. Ndamva mphekesera kuti oyang'anira atsopano akufuna kuzula tiyi wakale m'munda umenewo n'kubzala wina, ndipo anthu achingwe ayamba kale kuyendayenda. Mwina sakhudza mitengo ija. Koma akadzafika pamthunzi wa mbawa, musadzadikire kuti wogwira chingwe achite manyazi, chifukwa ine ndikumudziwa munthu ameneyo. Zitseko zanu za masiku ano ndi zamatabwa, zolemera, zokhomedwa ndi misomali. Ndaziyang'ana bwino pamene ndimakhala pakhondepa. Nazonso zimazuka.